Njinga yamoto ikachita ngozi mu Lilongwe: mmene mungaichotsere pamsewu ndi kuiombola ndalama zosungira zisanachuluke

Njinga yamoto ikachita ngozi, maganizo a mwini wake amathamangira ku mtengo wa mafoloko, limu ndi nyali yakutsogolo. Koma tsiku lomwelo pamayambanso ngongole ina imene ambiri amaidziwa mochedwa: ya amene ananyamula njingayo pamsewu, ndi ya mwini mpanda umene ikugonamo. Yonyamulira mumalipira kamodzi n'kuthana nazo. Yosungira imawerengedwa pa tsiku, ndipo imabereka ngati katapila inu muli gone m'chipatala kapena mukuyendera mapepala. Malangizo awa ndi a inu akabaza, a inu eni njinga amene munapatsa anyamata kuti aziyendetsa, komanso a inu achibale amene mwatumidwa kukalondola njinga ya m'bale wanu wovulala.

Choyamba: pamalo a ngozi

Munthu kaye. Ngati pali wovulala, kaya ndi inu, pasenjala wanu kapena woyenda pansi, apezeredwe galimoto yopita naye kuchipatala. Othyoka mafupa ndi omenyetsa mutu amafunika ku Kamuzu Central. Njinga idikire.

Mukatha kuima, zimitsani injini, chotsani kiyi, tsekani kampopi ka mafuta kali pansi pa thanki. Njinga yogona chammbali imadontha petulo, ndipo pagulu la anthu oonerera sipalephera wina wosuta fodya.

Kenako tulutsani foni musanasunthe kanthu. Jambulani njinga pamene yagwera, galimoto pamene yaima, mikwasa ya matayala pa tala, ndi nambala za zonse ziwiri. Pali chithunzi chimodzi chimene ambiri amaiwala: timapepala tomatidwa pa galasi lakutsogolo la galimoto. Yandikirani, mujambule ka inshuwalansi mpaka dzina la kampani ndi tsiku lothera zioneke bwinobwino. Dalaivala akadzayamba kusayankha foni, kachithunzi kameneko ndi kamene kadzakuuzeni khomo loti mukagogode. Ngati mwagwera pamsewu wodzadza, monga Kenyatta, Paul Kagame kapena M1 cha ku Kanengo, ndipo njinga iyenera kusunthidwa kuti magalimoto adutse, lembani kaye ndi khala kapena chidutswa cha njerwa pamene panali matayala onse awiri.

Tengani manambala a foni a anthu awiri amene aona. Odutsa amapita, choncho funani amene amakhala pamalopo tsiku lililonse: mayi wogulitsa nthochi, mnyamata wa pa kabenchi ka Airtel Money kapena Mpamba, mlonda wa pageti.

Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti woyendetsa aime, athandize ovulala, ndipo ngozi inenedwe kupolisi pasanathe maola 24. Anthu akakwiya n'kuyamba kukuzingani, musalimbane nawo pofuna kuteteza njinga. Chokani, mulunjike kupolisi yapafupi, mukanene kumeneko kuti mwasiya njinga pamalo akuti. Ngati njinga si yanu, imbirani abwana anu nthawi yomweyo, chifukwa mapepala onse ofunika kutsogoloku ali ndi iwo.

Za mawu aja akuti "achimwene, tingomvana pompano, za apolisi zitichedwetsa": ine sindiwakhulupirira pokhapokha ngozi ili yongokalika penti. Ndalama yopatsidwa pamsewu imayezedwa ndi zimene maso akuona, pamene fulemu yopindika imadziwika mawa lake kwa makaniko. Popanda lipoti la apolisi, kampani ya inshuwalansi sidzakumverani. Ngati mwasankhabe kumvana, lembani papepala, nonse musaine, ndipo mujambule laisensi ya dalaivalayo.

Chachiwiri: anyamule ndani, apite nayo kuti

Apa ndi pamene nkhani yonse ya ndalama imagamulidwa, nthawi zambiri m'mphindi zochepa, inu mutu ukuzungulira.

Ngati apolisi a trafiki anena kuti njinga ipite kusiteshoni, ipite. Funsani kuti ndi siteshoni iti, chifukwa Lilongwe ndi wamkulu: ikhoza kukhala ya ku Area 3, Kawale, Lingadzi kapena Kanengo, malinga ndi dera la ngoziyo. Lembani dzina la wapolisi amene akuyendetsa nkhani yanu ndi nambala yake ya foni.

Ngati akulolani kuitenga, ipite kunyumba kwanu kapena kwa wachibale amene ali ndi mpanda. Kumeneko imagona ulere, ndipo makaniko kapena munthu wa inshuwalansi akhoza kudzaionera komweko. Musaipititse kugalaja chifukwa chakuti ndi pafupi, kapena chifukwa chakuti wonyamulayo wati ali ndi mnzake wodziwa njinga. Kugalaja njinga imapita pamene mwagwirizana za mtengo wokonzera ndipo ndalama yoyambira ili m'manja.

Njinga ngati Lifo, King Lion kapena Boxer sifuna galimoto yokoka ija ya bulekidauni. Pikapu kapena kalole kakang'ono, kaja kamadikira maganyu pafupi ndi misika ndi mashopu a hadiweya, n'kokwanira, ndipo amuna atatu amaikweza ndi manja. Koma isanakwezedwe, funsani momveka, anthu akumva:

"Akulu, kuchoka pano kukafika ku Area 25, zonse pamodzi ndi okweza omwe, ndi zingati?"

Akayankha kuti "tiyeni tikaonera konko, sitingakanganepo", musalole. Njinga ikakhala kale pamwamba pa galimoto yake, mphamvu yonenerera yachoka kwa inu. Mtengo mukagwirizana, mutumizireni uthenga pa foni wotchula ndalamayo ndi kumene mukupita, iye ayankhe kuti eya. Jambulaninso nambala ya galimoto yake. Kulipira pa foni n'kwabwino chifukwa kumasiya umboni, koma ngati mudzafune kuti inshuwalansi ikubwezereni, pemphani lisiti lolembedwa, lokhala ndi tsiku, nambala ya njinga, pochokera ndi kofikira.

Pokweza, njinga iime chilili, ili m'giya, tayala lakutsogolo litagunda kukhoma kwa bodi. Mangani zingwe zinayi, ziwiri kumahandulo ndi ziwiri kumbuyo, zokokera mbali zosiyana. Kuigoneka pa bodi kumaphwanya thanki, kumathyola ma indiketa amene anapulumuka, ndipo oyilo amalowa kumene sayenera kulowa. Zowonongeka panjira palibe amene adzakulipireni.

Nanga ngati inuyo ndi amene mwanyamulidwa kupita kuchipatala? Apa m'pamene njinga zambiri zimasochera. Uzani munthu mmodzi womudziwa, mnzanu wa pa siteji kapena tcheyamani wanu, kuti asachoke mpaka aone kumene njinga yapita. Inu achibale, musadikire kuti wodwala atuluke kaye. Wina akhale ndi wodwala, wina ayambe kulondola njinga tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Chachitatu: ikagona pamalo a eni, lembani zimene mwasiya

Nthawi zina sizitheka kupewa. Ngozi yachitika usiku, kwanu ndi ku Chinsapo, inu mwagwera ku Kanengo, ndipo mpanda umene ulipo ndi wa galaja kapena wa mwini bulekidauni. Zikatero, musachoke musanamve zinthu izi: kusunga ndi zingati pa tsiku, kuwerenga kukuyamba liti, Loweruka ndi Lamlungu akuwerenganso kapena ayi, ndipo ngati mutakonzetsa pomwepo ndalama yosungira idzachotsedwa kapena idzakhalapobe. Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri. Magalaja ambiri satchula n'komwe za ndalama yosungira pamene akuyembekezera kuti ntchito yokonza ndi yawo. Imatulukira tsiku limene mwanena kuti mukukakonzetsa kwina.

Tengani pepala, ngakhale long'amba m'kope la mwana, mulembe nambala ya njinga, nambala ya injini, nambala ya chasesi, ndi makilomita amene ali pa mita. Pansi pake tchulani zimene zilipo: batire, kabureta, CDI (kabokosi koyendetsa moto wa pulagi), magalasi, nyali, sipana za m'kabokosi, dzina la matayala ndi mmene alili, ndi mafuta amene atsala m'thanki. Wolandira njingayo asaine, inu mujambule pepalalo ndi njinga mbali zonse zinayi. Ine ndimalangizanso kukanda kachizindikiro ndi msomali pansi pa batire ndi pa kabureta, pamalo osaonekera. Zipangizo za njinga zimenezi zimalowana, ndipo chatsopano chikasinthidwa ndi chakutha simungachizindikire ndi maso okha. Kuchita zimenezi si kunyoza mwini galaja. Woona mtima amakondwa nazo, chifukwa pepalalo limamutetezanso iyeyo mukadzanena kuti chinachake chasowa.

Nenani momveka kuti asamasule kanthu musanavomereze. Helemeti, bulu buku, mapepala a inshuwalansi ndi kiyi wapadera pitani nazo kunyumba.

Chachinayi: ngati ili kupolisi

Apolisi amasunga njinga pofuna kuti iyezedwe ngati inali yoyenera kuyenda pamsewu, kapena ngati umboni pamene munthu wavulala kwambiri kapena wamwalira. Pa nkhani zazikulu chotero ikhoza kukhalako mpaka ofufuza kapena bwalo la milandu litalola kuti ituluke. Pa ngozi zazing'ono, chimene chimachedwetsa kawirikawiri ndi mapepala a mwini wake.

Pitani ndi chiphaso cha unzika, laisensi ya woyendetsa, bulu buku, pepala la inshuwalansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu). Laisensi ya njinga ndi ya gulu A1 ngati injini siposa 125cc, ndi gulu A ngati ndi yaikulu kuposa pamenepo. Laisensi ya galimoto si ya njinga. Ngati njinga ili m'dzina la abwana anu, apite okha kapena akupatseni kalata yosainidwa pamodzi ndi fotokope ya chiphaso chawo.

Tinene zoona, njinga zambiri za kabaza mumzinda muno zikuyenda zopanda nambala. Ngati yanu ili m'gulu limenelo, musaithawe. Funani lisiti limene munagulira, mapepala a MRA ngati inalowa kuchokera kunja, kapena kalata ya mgwirizano ngati munagula kwa munthu, ndipo nambala ya injini ndi ya chasesi zigwirizane ndi zimene zili panjingapo. Yembekezani kulipira chindapusa pa zimene munalakwa, komanso kuuzidwa kuti mukalembetse ku Road Traffic. Zimawawa, koma n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa njinga. Katundu amene mwini wake sakubwera kudzatenga sasungidwa mpaka kalekale, bwalo likhoza kulamula kuti agulitsidwe.

Polankhula ndi wapolisi, funsani modekha zinthu zenizeni: "Bwana, chatsala n'chiyani kuti njinga ituluke, ndipo ndibwere liti?" Lembani yankho ndi tsiku. Ndalama iliyonse imene mukulipira, kaya ndi chindapusa kaya ndi ya lipoti, ituluke ndi lisiti la boma lija timati GR. Ndalama yoperekedwa kuseri kwa nyumba siichotsa mlandu m'buku, ndipo woperekayo amakhalanso wolakwira lamulo. Musachoke osaitanitsa lipoti la apolisi la ngoziyo, ndipo muliwerenge pomwepo. Nambala ya njinga kapena tsiku zikalakwika ndi chilembo chimodzi, mudzabwezedwa ku inshuwalansi, masiku n'kumapita.

Njinga za kupolisi zimakhala panja. Ngati ndi nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pemphani chilolezo choiphimba ndi pepala la pulasitiki ndi kuchotsa batire.

Chachisanu: auzeni a inshuwalansi msanga, ndipo muwauze kumene njinga ikugona

Dziwani kaye mtundu wa inshuwalansi yanu. Ya third party, imene lamulo limakakamiza aliyense, imalipira anthu ena amene inu mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Njinga yanu, kuinyamula ndi kuisunga, siziwerengedwa m'menemo. Ya comprehensive ndi imene imakonza yanu, ndipo kawirikawiri imathandizanso pa ndalama yonyamulira mpaka malire olembedwa m'pepala lanu, mutachotsa gawo limene mumalipira nokha.

Ngati wolakwa ndi winayo, mumapita ku kampani yake ija munajambula pagalasi. Lamulo la pamsewu limalola wolakwiridwa kufuna malipiro mwachindunji kwa kampani ya inshuwalansi ya wolakwayo, koma mwayi umenewu umatha pakadutsa zaka 2, ndipo kampani siilipira kupitirira malire a inshuwalansi imene munthuyo anagula. Zotsala mumazifuna kwa mwini galimoto.

Pitani ndi lipoti la apolisi, zithunzi, makotesheni awiri kapena atatu ochokera kwa okonza osiyana, ndi malisiti a kunyamula ndi kusunga. Ku Biwi kuli amakaniko ambiri, kotesheni siivuta kupeza, koma ikhale yodindidwa. Tsiku lomwelo perekani kalata yaifupi yonena kuti njinga ili pamalo akuti, akulipiritsa ndalama zakuti pa tsiku, ndipo mukupempha kuti munthu wawo adzaione msanga kapena akuloleni kuisamutsira kunyumba. Fotokope ya kalatayo imene musunge aidinde. Chifukwa chake n'chakuti malamulo amayembekezera wolakwiridwa kuchitapo kanthu kuti chiwonongeko chisakule. Mukaisiya njinga miyezi itatu pamalo olipira pamene kwanu kuli mpanda, kampani idzati masiku ambiriwo munawafuna nokha, ndipo idzalipira ochepa. Koma ngati muli ndi kalata yodindidwa yosonyeza kuti munawachenjeza ndipo anachedwa ndi iwo, muli ndi poimira.

Musakonze njinga munthu wawo asanaione. Akanena kuti yawonongeka kwambiri moti siingakonzeke, funsani kuti chigobacho chikhala cha ndani ndipo ndalama yosungira asiya kuwerengera tsiku liti. Inu akabaza, sungani kabuku ka ndalama zimene munkapeza pa tsiku kapena zimene munkapereka kwa abwana. Masiku amene njinga yakhala osagwira ntchito amafunsidwanso malipiro, koma ndi umboni.

Chachisanu ndi chimodzi: kuiombola

Tiyerekeze kuti mwini mpanda akufuna K3,000 pa tsiku. Mukaichotsa pa tsiku la 4, mwalipira K12,000. Mukadikira kuti inshuwalansi ilipire kaye, n'kutha masiku 45, ngongole yafika K135,000, njinga isanakhudzidwe ndi sipana. Ndiye ngati muli ndi kandalama kochepa ndipo mukusankha pakati pa kugula sipeya ndi kuombola njinga, ombolani njinga. Ngakhale kubwereka ku banki mkhonde kuti ituluke lero kumaposa kuisiya.

Ngati masiku achuluka kale, pemphani bilu yolembedwa, yopatula kunyamula, kusunga ndi ntchito ina iliyonse. Werengani masiku nokha pa kalendala. Chotsani masiku amene munabwera n'kupeza patsekedwa, kapena amene munabwezedwa chifukwa abwana kunalibe. Pitani ndi munthu wamkulu kapena tcheyamani wa pa siteji, ndalama imene mungathe ili m'thumba, mukanene mwaulemu: "Bambo, za kunyamula ndilipira zonse. Za kusunga sitinagwirizane mtengo poyamba, ndiye ndabwera ndi iyi kuti njinga ichoke lero, malo anu apume." Ambiri amalola, chifukwa njinga yophwanyika imangowadyera malo. Mukagwirizana zolipira pang'onopang'ono, lembani kuti kuwerenga masiku kwaima kuyambira lero. Popanda mawu amenewo mudzakhala mukulipira kumutu ngongole ikukula kumchira.

Dziwaninso kuti makaniko amene wagwira ntchito yokonza imene munavomereza ali ndi mphamvu yoigwira njinga mpaka mutamulipira. N'chifukwa chake kuvomera kuti "ingoyambani, tidzaona" kuli koopsa.

Musanasaine kuti mwalandira, tulutsani pepala lija munalemba tsiku loyamba, muyendere chimodzichimodzi. Chosowa chilembedwe pomwepo, njinga isanatuluke pageti.

Zikakanika

Musathyole geti, ndipo musabwere ndi gulu la anzanu kudzaitenga mwankhondo. Nkhani ya ngongole imasanduka mlandu wa upandu, wolakwa n'kukhala inu. Wamalonda amene akulipiritsa ndalama zimene sananene poyamba mukhoza kukamudandaulira ku Competition and Fair Trading Commission, kapena kukasuma kubwalo la majisitireti. Kampani ya inshuwalansi ikamazengereza, yambani ndi kalata yodandaula kwa akuluakulu ake, ikapanda kuthandiza mupite nayo kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ku City Centre. Za kupolisi yambani ndi mkulu wa siteshoni. Akapanda kuthandiza pali Independent Complaints Commission, bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi, ndipo za ziphuphu ndi za bungwe la ACB. Amene alibe ndalama ya loya akafunse ku Legal Aid Bureau. Kulikonse kumeneku adzakufunsani mapepala omwe aja: malisiti, mauthenga a pafoni, zithunzi ndi makalata odindidwa.

Ikafika pakhomo

Musathamangire kuiliza kuti mumve ngati injini ili moyo. Njinga imene inagona chammbali kapena yakhala pamvula iimikidwe chilili kwa maola angapo. Onani oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, ndipo ayenera kukhetsedwa. Chotsani pulagi, mupondeponde kiki kangapo kuti zimene zinalowa mu silinda zituluke. Tsegulani kabokosi ka fyuluta ya mpweya, muone ngati mwadzadza oyilo. Petulo wokhalitsa milungu yambiri amasiya utomoni umene umatseka timabowo ta kabureta, choncho khetsani wakaleyo.

Ngati ikhala nthawi ikudikira ndalama kapena munthu wa inshuwalansi, ikhale pansi pa denga, itaima pa sitandi yapakati, batire litachotsedwa, tcheni chitapakidwa oyilo, ndipo imangidwe ndi loko ku chinthu chosasunthika. Zipangizo zophwanyika zimene makaniko adzachotse muzisunge m'thumba mpaka nkhani ya malipiro itatha, chifukwa a kampani akhoza kuzifuna.

Ikakonzedwa, musananyamule pasenjala, makaniko ayeze ndi chingwe ngati tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo ali pamzere umodzi, aone khosi la fulemu ngati lili ndi mng'alu kapena penti wotukumuka, ndipo ayese mabuleki onse awiri. Helemeti imene inamenya pansi musinthe, ngakhale kunja ikuoneka yabwino, chifukwa chofewa cha m'kati chija chikaphwanyika kamodzi sichibwereranso.